Mmene bwalo lathu linavulira zakuda

Bambo anga anayamba kudzifunditsa chitenje kumutu masanasana chaka chimene diso lawo lamanzere linachita ng'ala. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa Lirangwe, ndipo kumudzi ku Chileka ndinkapitako Loweruka: minibasi mpaka pa Kameza, ina yolowera ku bwalo la ndege, kenako kabaza amene ankakandisiya pakhomo nditafiira ndi fumbi mpaka m'nsidze. Tsiku lina ndisanafike n'komwe, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiimitsa panjira n'kundiuza kuti madala ayamba kudzifukiza tsiku ndi tsiku, mwina chifuwa chawagwira. Ndinawapezadi pakhonde, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo wathunthu, atakhala pampando, chitenje cha malemu mayi anga chitaphimba mutu mpaka m'mapewa. Poto wa masamba a bulugama sindinamuone. Nditakweza chitenjecho ndinapezamo foni.

Anandiuza, opanda ndi manyazi omwe, kuti akuwerenga mitengo ya nandolo.

Foniyo ndinawagulira ndine, ndipo ndine ndemwe ndinawaonetsa bwalo lathu. Linali tsamba la pa intaneti la anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe, otsala kumudzi ndi obalalika omwe. Munthu ankatsegula nkhani, ena n'kumayankha pansi pake. Tinkalikonda chifukwa silinkadya bandulo ngati magulu a pa foni aja, amene ukangotsegula umapeza mavidiyo a alaliki akugwetsa anthu, bandulo n'kuthera pomwepo usanamve kuti wamwalira ndani. Pabwalo pathu pankalembedwa za maliro, za mvula, za mbuzi zosochera, za mlatho umene wakokoloka cha ku Madziabango, ndiponso mitengo ya nandolo imene. Vuto lake linali limodzi. Tsambalo linali lakuda bii, zilembo zake za pepo wodera. M'chipinda chotseka mawindo, munthu wa maso abwino ankawerenga ndithu. Koma padzuwa la ku Chileka la mu Okutobala unkangoona nkhope yako pagalasi, itakwinyika ngati walawa bwemba.

Analipanga tsambalo ndi mlongo wanga, mnyamata wondipondera ine, amene ali ku Joni. Makiyi ake onse anali ndi iye. Enafe tinkangolemba ndi kudandaula.

Mayi athu atamwalira, mlongo wangayo sanabwere. Analibe mapepala. Akanatuluka m'dzikomo sakanalowanso, ndipo ntchito imene inkagula mankhwala a mayi omwewo ikanathera pomwepo. Ine ndinamvetsa. Bambo sanamvetse, ndipo kunena chilungamo, malo athu sathandiza munthu kumvetsa zinthu zotere. Manda a kwathu ali pansi penipeni pa njira ya ndege. Tili mkati moika, abusa ali pakati pa pemphero, ndege yochokera ku Joni inadutsa pamwamba pathu, pafupi moti mateyala ake tinkawaona. Khamu lonse linakweza maso, kenako linayang'ana bambo. Tsiku lometa, achibale titakhala pamphasa lumo likuyenda mutu ndi mutu, bambo ananena pamaso pa onse kuti iwo anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Kuchokera pamenepo dzina la mlongo wanga silinamvekenso pakhomo. Akaimba pa foni yanga kuti awalankhule, bambo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Munthu ameneyu ndiye ankawerenga mitengo ya nandolo. Nandolo wathu tinali titagulitsa kalekale, wotsala anali wa ndiwo m'kathumba kuseri kwa chitseko. Madzulo a tsikulo ndinatenga foni ija kuti ndiwaikire bandulo, ndipo ndinaona pamene anatsegula. Mlongo wanga anali ndi chizolowezi cholemba pabwalopo Lamulungu lililonse, timizere tochepa chabe: za kuzizira kwa kumeneko, za mwini nyumba wake, za mmene anasakira kalongonda tauni yonse anthu n'kumamuyesa wamisala, za tsiku limene anagona kuntchito chifukwa kunja alendo ankathamangitsidwa. Bambo ankayamba Lolemba, n'kufika Loweruka asanamalize, chifukwa chilembo chilichonse ankachita kuchisaka ngati nsabwe m'bulangete lakuda.

Akanatha kungonena kuti iwe, tandiwerengera. Koma ungapemphe bwanji munthu kuti akuwerengere za mwana amene ulibe? Ndipo ine ndikanayerekeza kudzipereka, foniyo akanandibwezera tsiku lomwelo, atayikulunga bwinobwino mu jumbo. Ndimawadziwa, ndinatengera iwowo. Kuchipatala anali atatiuza kuti diso linalo nalo layamba, ndipo odikira opareshoni ndi ambiri. Ndinaona kuti kachingwe kokhako kamene kanatsala pakati pa anthu awiriwa kakudukira pamaso panga, chifukwa cha mtundu wa tsamba. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ine zikandipweteka ndimakwiya.

Ndinayesa njira zachidule. Ndinawagulira magalasi pamsika wa pa Lunzu, aja wogulitsa amakuyeza pokupatsa nyuzipepala yakale. Anawavala n'kunena kuti tsopano mdimawo akuuona bwino. Ndinakulitsa zilembo, mawu amodzi n'kudzaza galasi lonse, koma pepo wamkulu pa chakuda ndi pepo yemweyo. Ndinawonjezera kuwala, batire n'kumatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kotchaja n'kutali. Nditatopa ndinatsegula nkhani pabwalo. Bambo sindinawatchule. Ndinangolemba kuti achikulire ena akuvutika kuwerenga, bwanji mitunduyi tiisinthe.

Ndikanadziwa ndikanaphika therere. Ife vuto sitilithetsa, timalisankhira komiti. Mlungu usanathe tinali ndi apampando, bambo wina wopuma pantchito ya ukalaliki amene yankho lake lililonse linkayamba ndi mawu akuti poyambirira penipeni. Tinali ndi achiwiri awo, mwini golosale ina ya pa Lirangwe, Msilamu wofatsa amene analowetsedwamo chifukwa khonde lake lili ndi mthunzi ndi mabenchi. Ine anandiika kukhala membala wamba, poti ndine ndinayambitsa. Mkangano unayambira pabwalo pomwepo, koma posakhalitsa zinaoneka kuti anthu akuyankha zimene sanawerenge, chifukwa sizinkawerengeka. Choncho nkhani ya tsamba la pa intaneti tinakaikambira pakhonde la golosale, tsiku la msika, malole akudutsa, anthu atakwera minibasi kuchokera ku Chileka kudzakambirana za chinthu chimene chinapangidwa kuti anthu asamakwere minibasi.

Wina anati tiike buluu. Theka la khonde linadzuka. Buluu ndi wa chipani, ndipo kwa amene sasamala za ndale, buluu ndi wa timu ya mpira, zimene zili zoopsa kuposa chipani. Chofiira ndi cha timu inayo, ndipo nachonso chili ndi chipani chake. Chikasu chili ndi eni ake. Olenji ali ndi eni ake. Mayi wina wogulitsa kaunjika anatchula girini, apampando n'kunena motsitsa mawu kuti girini ena angamuone ngati wa kumzikiti. Mwini golosale anayankha mwaulemu wonse kuti chimanga cha apampando nachonso n'chagirini, koma iye sanakumane nacho ku mapemphero a Lachisanu. Tinaseka, koma girini anafera pomwepo. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti m'dziko muno utawaleza wonse unagawidwa kale, ife osadziwa.

Ine ndinati tiike choyera, zilembo zakuda, monga buku lililonse chiyambire anthu kuwerenga. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Choyera akuti chimadya batire. Choyera akuti ndi bulauzi ya amayi a mpingo wakutiwakuti, ndiye a mipingo ina amva bwanji. Wina anawonjezera kuti choyera ndi nsalu yokulungira maliro, tisaitane tsoka. Mwini golosale anafunsa chapansipansi ngati chakuda tili nachochi tikuchiona ngati cha ukwati. Palibe anamumvera, ndi ine ndemwe, chifukwa lole ya makala inkadutsa ndipo ndinali otanganidwa ndi kukwiya.

Zinatenga masiku a msika angapo. Pa nthawi yonseyi bambo anali m'chitenje, ndipo mayi woyandikana nafe uja anali atayamba kuwabweretsera mandimu ndi jinja. Pomaliza komiti inagwirizana za mtundu wa phala la mgaiwa, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti palibe chipani chimene chinali chitautenga. Apampando analemba uthenga wautali pabwalo wodziwitsa mwini tsamba za chigamulocho, poyambirira penipeni mpaka pomalizira penipeni. Mlongo wanga anayankha ndi mawu amodzi: sindisintha.

Anthu anapsa mtima. Anamutcha wankhanza, wodzimva, woiwala kwawo. Ena anati a ku Joni ndi choncho, akangodya buledi wa kumeneko basi. Mphunzitsi mnzanga wina anatsegula bwalo lake lopikisana nalo, lachikasu zilembo zoyera, ndipo mamembala ake anali iye ndi mkazi wake, mkaziyonso sankalembapo. Ine sindinalembe kanthu. Ndinadikira nthawi yopuma kusukulu, ndinapita kuseri kwa buloko kumene netiweki imagwira, ndipo ndinamuimbira nditakonzekera kumusambitsa chokweza.

Ndinamusambitsadi. Ndinamufunsa kuti chikumuvuta n'chiyani, mtundu ndi mtundu basi, kapena anaugula pa mtengo wodula. Ndinamuuza kuti anthu akuthera maso pa tsamba lake pamene iye akudzionetsa ngati mmisiri. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kumbuyo kwake ndinkamva mpope wa madzi, poti amatsuka magalimoto.

“Achemwali,” anatero, “chithunzi chimene munanditumizira tsiku lija mukadali nacho?”

Ndinali nacho. Tsiku la maliro ndinayesa kumutumizira zithunzi zingapo, koma netiweki ya kwathu inalola chimodzi chokha. Chinali cha bokosi la mayi lili kutsogolo m'tchalitchi, litaphimbidwa ndi nsalu imene mpingo wathu umaphimbira aliyense: yakuda, pakati pake pali mtanda wa pepo.

“Ine ndinaona chokhacho,” anatero. “Inu munalira limodzi, munaika, munameta, chaka chitatha munavula zakuda. Ine wandivula ndani?”

Kwathu zakuda sumadzivula wekha. Umazivala mpaka akuluakulu a pabanja atakuitana n'kukuuza kuti basi, walira mokwanira, bwerera pakati pa anthu. Bambo anavala kansalu kakuda pamkono wa jekete chaka chathunthu, mpaka amalume athu anabwera kudzakadula. Ine duku langa lakuda anandivula ndi azakhali. Mwana uyu ku Joniko sakanayenda ndi kansalu pamkono, abwana ake akanamufunsa zambiri, ndiye anaveka zakuda chinthu chokhacho chimene chinali chake, tsamba lija. Ndipo munthu yekhayo woyenera kumuvula anali atalengeza pamphasa kuti alibe mwana wotero. Mlongo wangayo anandifunsa kuti achikulire ovutika kuwerengawo ndi ndani makamaka. Ndinati ndi achikulire basi, ndipo belu linalira.

Loweruka ndinapita ku Chileka ndili ndi mantha, chifukwa kuwauza bambo nkhaniyi kunali kuvomera kuti ndikudziwa za nandolo wawo. Ndinadikira atadya. Kenako ndinayamba kuwafotokozera za komiti, za buluu ndi girini, za chimanga cha apampando, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinati tsono mwini bwaloyo wakana. Anati ndamva kuti wakana, kenako anazindikira zimene anena, n'kuwonjezera kuti anamva kwa anthu. Tinapitiriza choncho, kukamba za mwini bwalo ngati mlendo wina wa ku Mwanza amene tonse sitinamuonepo. Ndinawauza chifukwa chimene mwini bwaloyo wakanira, mawu ake momwe anawanenera. Ndinatsegula chithunzi chija pa foni yanga n'kuwapatsa.

Padzuwa sanachione. Anatenga chitenje cha mayi, anadziphimba, ndipo anakhalamo nthawi yaitali. Ine ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana maluwa a pa chitenjecho, amene ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana. Atatuluka anandibwezera foni, anati mbuzi sizinamwe madzi, n'kunyamuka. Tsiku lonselo sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo ndinaganiza kuti ndaononga zonse. Foni yawo anaisiya pawindo, osaikhudza.

Mawa lake titabwera kutchalitchi, wa kabaza atafika kale ndipo ine ndikumanga chikwama kumbuyo, anandiitana pakhonde.

“Ukamuuze mwini bwaloyo,” anatero, maso ali ku munda, “kuti maliro a mayi ake tinameta kale. Avule. Ndanena ndine bambo wake.”

Ndinati ababa, foni ndi iyi, muuzeni nokha. Anati kodi iwe wa kabazayu akudikira ndani. Sindinakakamize. Munthu amene wakhala akumwetsa mbuzi zaka zonsezi sungamusinthe tsiku limodzi, ndipo zimene ananenazo zinali kale zambiri kuposa zimene ndinkayembekeza. Panjira ndinalira, wa kabaza n'kundipepesa chifukwa cha fumbi.

Ndinamuimbira mlongo wanga nditangotsika pa Lirangwe, ndili chiimire pambali pa msewu. Ndinamuuza mawuwo osasintha ngakhale limodzi. Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anati ndibwereze chakumapeto chokha. Kenako anafunsa ngati bambo amawerenga zimene iye amalemba.

“Amawerenga mitengo ya nandolo,” ndinatero.

Anaseka, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo anadula foni.

Lolemba m'mawa tsamba linali loyera mbee, zilembo zakuda zazikulu bwino. Osati phala la mgaiwa limene komiti inavutikira masiku onse aja. Apampando analemba chidandaulo chachitali, kuti ndondomeko sinatsatidwe, kuti chigamulo cha anthu chapondedwa, kuti chiyambire bwaloli sanaonepo mwano wotere. Tsoka lawo linali lakuti aka kanali koyamba anthu kuwerenga zolemba zawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ambiri anadabwa kuti munthu ameneyu ndi amene takhala tikumuombera m'manja. Amene ankati choyera chimadya batire anapitiriza kulemba tsiku lonse za mmene chikudyera batire. Mwini golosale yekha, nditapita kukagula shuga, anandifunsa ngati kwa mwini tsamba zatha bwino. Ndinati zatha. Anagwedeza mutu n'kundipatsa shuga wanga, osafunsanso zina.

Loweruka lotsatira ndinawapeza bambo pakhonde, mutu uli pamtunda, foni ili patali ndi nkhope monga amagwirira buku la nyimbo. Chitenje cha mayi chinali chochapidwa, chili pachingwe. Ankawerenga mokweza, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, za mbuzi ya munthu wina imene inasochera pa Madziabango, ndipo ananenapo kuti mwini mbuziyo ndi wosasamala ngati bambo ake. Ndinalowa m'nyumba, ndinasintha zovala, ndinatuluka ndi mpando wanga n'kukhala chapatali.

Patapita kanthawi anandiitana kuti ndidzaone ngati foniyi ili bwino, poti pena pake sipakuoneka zilembo. Foni inali bwino. Mlongo wanga mlungu umenewo sanadikire Lamulungu, ndipo sanalembe mawu alionse. Anangoika chithunzi chake, ataima pafupi ndi mpope wa kuntchito kwake, mutu uli mbee, atameta mpala. Anali ataonda kusiyana ndi mmene anachokera, ndipo pachipumi anali atayamba kufanana ndi munthu amene anagwira foniyo.

Bambo anachiyang'ana, anachiyandikitsa ku diso labwinolo, anachitalikitsanso. Anafunsa kuti wamumeta ndani ameneyu. Ndinati kaya, mwina wadzimeta yekha, kumeneko angamumete ndani. Anapukuta galasi la foni ndi chala chachikulu, ngati tsitsilo lingachoke.

“Wasiya kuseri kwa khutu,” anatero. “Umuuze akadzabwera ndidzamumaliza ndekha.”